Ndisinthe purosesa pano kapena ndidikire? Yankho kwa wojambula maukwati wa ku Mufakose

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wa kuno ku Harare, ndipo ndaifupikitsa pang'ono:

"Ndimakhala ku Mufakose, koma agogo anga anachokera ku Ntcheu, ndiye Chichewa ndi chomwe timalankhula pakhomo. Ndimapeza chakudya pojambula mavidiyo a maukwati, makwaya a kutchalitchi ndi miyambo ya ziliza. Kompyuta yanga ndinailumikiza ndekha mu 2019. Ili ndi purosesa ya Ryzen 5 1600, motherboard ya B450, RAM ya 16GB, graphics card ya GTX 1650, SSD yaing'ono ya Windows 10 ndi hard drive yosungiramo mavidiyo. Chiyambireni kujambula mu 4K, zithunzi zikumadukiza ndikamadula vidiyo mu Premiere Pro, ndipo kutulutsa vidiyo ya ukwati umodzi kukumatenga pafupifupi usiku wonse. Kawiri konse magetsi azima ntchito isanathe. Ndasunga madola 300 a ku America. Mnzanga akuti ndisataye ndalama pa zinthu zakale, ndidikire ndidzagule zonse zatsopano pakamodzi. Ndichite chiyani?"

Achimwene, mwachita bwino kufunsa ndalama zikadali m'thumba, paja safunsa adadya phula. Khazikani mtima pansi, kompyuta yanu sinafe, ndipo simunalakwitse pogula zimene munagula mu 2019. Pa makina onse amene amafika patebulo langa, a mtundu wanuwu ndi amene ndimawalandira ndi nkhope yowala, chifukwa motherboard yanu, thabwa lalikulu limene zida zonse zimalumikizidwapo, ikadali ndi khomo lotseguka limene anzanu ambiri alibe. Ndinenerethu maganizo anga kuti musavutike kuwasaka: sinthani purosesa, ubongo wa kompyuta, musadikire. Koma pali ntchito ziwiri zoyamba musanapite kumsika. Yoyamba siilira ndalama. Yachiwiri ndi yomwe ingakupheretu motherboard mukaichita mwaphuma, ndipo ndikhalitsapo ndikafika pamenepo.

Ntchito yoyamba ndi kuyeza. Pa zaka zimene ndakhala ndikutsegula makompyuta, ndaona anthu ambirimbiri akugula purosesa pamene chodwala chinali china. Zili ngati kugula mankhwala a malungo musanabayitse chala. Tsegulani ntchito yeniyeni, ukwati umene unakuvutitsani uja, kenako dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager ituluke, mupite pamene palembedwa Performance. Muziyang'ana pamenepo nthawi ziwiri: pamene mukuyendetsa vidiyo podula, ndi pamene mukuitulutsa. Chimene chikufika pa 100 peresenti n'kukhazikika pomwepo, anzake ali phee kumunsi, ndicho chikukoka gulu lonse kumbuyo.

Mukapeza kuti ndi hard drive imene yadzaza pamene purosesa ikungoyendera pakati, dziwani kuti kudukiza kwa zithunzi kuja kukuchokera ku mbale yozungulira ija, ndipo purosesa yatsopano nayo idzangokhala ikudikira chakudya chimene chikuchedwa panjira. Pamenepo mankhwala ake ndi SSD yogwirirapo ntchito. Ma B450 ambiri ali ndi polowetsa SSD yaing'ono ya M.2, choncho yang'anani ngati panu pali popanda kanthu. Hard drive isatayidwe, ikhale nkhokwe ya maukwati amene anatha kale. Yang'ananinso RAM. Simunandiuze ngati 16GB yanuyo ndi kathabwa kamodzi kapena tiwiri ta 8GB. Ryzen imathamanga bwino timatabwa tikakhala tiwiri, chifukwa pamakhala njira ziwiri zodutsira uthenga, ndipo ndakumanapo ndi makina ambiri amene mwini wake analowetsa timatabwa tiwirito m'mipata yoyandikana pamene buku la motherboard likunena mpata wachiwiri ndi wachinayi. Kungotisuntha chabe, mwini wake n'kumaganiza kuti ndamuikira chinthu chatsopano.

Kutentha nako musakuiwale. Fumbi la mphepo ya Ogasiti ndi Sepitembala kuno limalowa paliponse, kenako n'kubwera dzuwa la Okutobala. Ikani pulogalamu yaulere ya HWiNFO muone kutentha kwa purosesa pamene vidiyo ikutuluka. Ikamayandikira madigiri 95, purosesa imadzichepetsera yokha liwiro kuti isapse. Ngati fani yanu sinapukutidwepo chiyambire 2019, ndipo thermal paste, phala lopaka pakati pa purosesa ndi fani, ndi yomweyo ya tsiku loyamba, mwina gawo lina la usiku umene mukutayawo ndi fumbi basi.

Palinso zinthu ziwiri mu Premiere Pro momwemo zimene ojambula ambiri a kuno sazigwiritsa ntchito, ndipo zimandiwawa chifukwa n'zaulere. Kuyambira mu 2020, pulogalamuyi imatha kupatsa graphics card ya Nvidia ntchito yofinya vidiyo ya H.264 kapena HEVC potulutsa. Pa tsamba lotulutsira vidiyo, onani ngati pasankhidwa Hardware Encoding. Ngati palembedwa Software Encoding, ndiye kuti GTX 1650 yanu yakhala ikungoonerera pamene purosesa ikusenza mtolo wonse yokha. Chachiwiri ndi ma proxy. Pulogalamuyi imapanga timavidiyo topepuka toti muzidulira, kenako potulutsa imabwerera ku 4K yeniyeni. Mumasiya ikupanga timavidiyoto pamene mukudya mgonero, m'mawa n'kudula mosadukiza. Yesani ziwirizi sabata ino. Zikakupatsani mpumulo, ndalama zanu mudzazigwiritsa ntchito modekha.

Tsopano tibwere kwa mnzanu uja. Sakunama kotheratu. Soketi imene purosesa yanu imakhalamo, ya AM4, inatuluka mu 2016, ndipo AMD inasamukira ku AM5 mu Sepitembala 2022. Mibadwo yatsopano ya Ryzen, 7000 ndi 9000, simungailowetse mu motherboard yanu ngakhale mutakankha ndi nyundo. Choncho akamati msewu wa AM4 uli ndi pothera, akunena zoona. Chimene waiwala n'chakuti inu muli kumayambiriro kwenikweni kwa msewuwo. Ryzen 5 1600 ndi ya mu Epulo 2017, mbadwo woyamba. Pambuyo pake panabwera 2000, kenako 3000 mu 2019, kenako 5000 mu Novembala 2020, ndipo onsewa amakhala m'soketi imodzimodziyo. Opanga ma B450 anatulutsa BIOS, pulogalamu ya mkati mwa motherboard imene imadzutsa kompyuta, yolola motherboard zawo kulandira Ryzen 5000. Anzathu a Intel mwayi wotere sanaupeze, chifukwa kumeneko soketi imasintha pakangopita mibadwo iwiri kapena itatu. Ndiye inu mungadumphe zaka zingapo za luso pongosintha kachitsulo kamodzi, RAM yomweyo, motherboard yomweyo, bokosi lomwelo.

Kudumphako n'kwakukulu bwanji? Titenge Ryzen 5 5600, imene inatuluka mu Epulo 2022 pa mtengo wa madola 199 ku America. Ili ndi ma core 6, tizigawo togwira ntchito mkati mwa purosesa, ngati yanuyo, ndiye munthu wongowerenga pabokosi angaganize kuti n'chimodzimodzi. Koma yanu imafika pa 3.6GHz ikathamangitsitsa, pamene iyi imafika pa 4.4GHz. Kankhokwe ka mkati kotchedwa L3 cache n'ka 16MB mwa yanu, 32MB mwa iyi. Ndipo chachikulu sichioneka pa manambala amenewa: pa kugunda kulikonse, core yatsopano imagwira ntchito yochuluka. AMD inanena kuti mbadwo wa 3000 unaposa wa 2000 ndi 15 peresenti pa muyeso umenewu, ndipo wa 5000 unawonjezeranso 19 peresenti pamwamba pake. Mukaphatikiza zonsezi ndi liwiro lija, kusiyanako mumakumva m'manja pongokoka vidiyo uku ndi uku. Ndipo magetsi ake ndi a gulu lomwelo la mawati 65, nkhani yofunika kwa munthu amene tsiku lina adzafuna kuyendetsa kompyuta pa inverter ndi batire.

Kwa ntchito yanu ineyo ndingakonde mutayang'ana Ryzen 7 5700X, ngati kusiyana kwa mtengo kuli kopirika. Ili ndi ma core 8, imafika pa 4.6GHz, nayonso ndi ya mawati 65, ndipo kutulutsa vidiyo ndi ntchito imene imadya core iliyonse imene mwaipatsa. Imabwera yopanda fani m'bokosi, koma ngati mukadali ndi fani imene inabwera ndi 1600 yanu, Wraith Spire ija, ingagwire ntchito mukaitsuka bwino. Pali mitundu iwiri imene ogulitsa angakukankhireni. Wina adzakuonetsani 5600G, n'kunena kuti ndi yomweyo koma ili ndi bonasi ya zithunzi mkati. Bonasi imeneyo inu simukuifuna popeza muli ndi graphics card, ndipo mtengo wake wobisika ndi cache yodulidwa pakati, 16MB yokha. Wina adzatamanda mapurosesa amene dzina lawo limathera ndi X3D. Zimenezo n'zabwino zedi pa masewera a pakompyuta, koma pa kudula maukwati ndalama yowonjezerayo siibwerera.

Pali chifukwa china chimene simunachitchule m'kalata, koma kwa ine n'cholemera. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo chithandizo chowonjezera chimene inapereka kwa anthu wamba n'cha chaka chimodzi chokha, mpaka Okutobala 2026. Windows 11 imafuna purosesa ya Intel ya mbadwo wachisanu ndi chitatu kupita m'tsogolo, kapena Ryzen kuyambira mbadwo wa 2000. Ryzen ya mbadwo woyamba siili pa mndandandawo. Ndikudziwa kuti anyamata a m'tauni amailowetsa mokakamiza pa makina alionse, koma kompyuta imene mumasungamo ukwati wa anthu, chinthu chimene sichingajambulidwenso kachiwiri, sindingafune kuti iziyenda mozembera. Ndi Ryzen 5000 pa B450 yanu, Windows 11 imalowa mwachilungamo, bola mutsegule fTPM, mbali ya chitetezo ya mkati mwa purosesa, mu BIOS.

Nanga kudikira kukanakupatsani chiyani? Kusamukira ku AM5 ndi kugula zinthu zitatu pakamodzi: purosesa, motherboard ndi RAM ya DDR5, chifukwa AM5 siilandira DDR4 imene muli nayo. Soketi yatsopano ya Intel, LGA1851 ya mu Okutobala 2024, nayonso imafuna DDR5 yokha. Walira mvula walira matope. Ndipo matope ake anakula kumapeto kwa 2025, pamene mitengo ya RAM inakwera koopsa padziko lonse chifukwa mafakitale akuluakulu, Samsung, SK hynix ndi Micron, anatembenuzira mphamvu zawo ku makompyuta akuluakulu oyendetsa AI. Micron inafika polengeza mu Disembala 2025 kuti ikusiya kugulitsa RAM ndi SSD za anthu wamba za dzina la Crucial. Amene anadikira chaka chimenecho poganiza kuti DDR5 itsika anapeza itakwera. Chizolowezi chakale choti zida za kompyuta zimatsika mtengo ukadikira chimagwira nthawi zambiri, koma si lamulo. Kwa inu tanthauzo lake n'lakuti 16GB ya DDR4 imene ili m'bokosi mwanumo ndi chuma, ndipo njira imene ikukulolani kupitiriza kuigwiritsa ntchito ndi imene ikusungirani ndalama zambiri. Madola 300 pa njira ya mnzanu angakufikitseni pakati pa mtsinje. Pa njira ya AM4 angakuolotseni, mwinanso n'kutsalako ya SSD.

Ndinenenso chinthu chimene mabuku a makompyuta sanena koma ife timachidziwa. Ndalama yosungira chida m'nyumba zathu siikhalitsa. Mukati ndidikire miyezi isanu ndi umodzi, pakati pomwepo pabwera fizi ya mwana wa achemwali, pabwera uthenga wa maliro ku Ntcheu wofuna basi yodzera ku Nyamapanda ndi Tete, ndipo palibe munthu wabwino amene angakane kuthandiza chifukwa choti akusungira purosesa. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Komanso kompyuta yanu ndi khasu, mumalimira. Usiku uliwonse umene vidiyo ikulephera kutha ndi kasitomala wodikira, ndipo mayi wa mkwatibwi akadikira milungu itatu sakutchulani kwa anzake a ku chigwirizano. Ine ndimati kudikira kuli ndi nzeru pokhapokha munthu akutha kutchula chimene akudikiracho ndi nthawi imene chifike. Wina akati ndikudikira malipiro a ntchito yakutiyakuti mwezi wamawa kuti ndigule ya ma core 8 m'malo mwa 6, ameneyo ndimamuuza kuti dikira. Koma kudikira "zatsopano" kulibe tsiku, popeza chaka chilichonse kumatuluka zina.

Tafika pa ntchito yachiwiri ija, ndipo apa ndikupemphani muwerenge kawiri. Motherboard yanu ya mu 2019 siikuidziwa Ryzen 5000 mpaka mutaipatsa BIOS yatsopano. Mukangolowetsa purosesa yatsopano osachita zimenezi, mafani adzazungulira koma sikirini idzakhala bii, ndipo mudzaganiza kuti akuberani. Choncho BIOS isinthidwe purosesa yakale ikadali m'malo mwake. Pezani dzina lenileni la motherboard, lolembedwa pa thabwa lomwelo kapena loonetsedwa ndi pulogalamu ya CPU-Z, pamodzi ndi nambala ya revision ngati ilipo. Pitani pa tsamba la kampani imene inaipanga, muone mndandanda wa mapurosesa amene imalandira, mutsimikize kuti imene mukufunayo ilipo ndi BIOS imene ikufunika. Werengani timawu ta pansi pa BIOS iliyonse, chifukwa motherboard zina zimafuna kuti mudzere kaye pa BIOS yapakati musanafike pa yomaliza, ndipo zina zikalandira yatsopano zimaiwala mapurosesa ena akale. Ngati yanu ili m'gulu lomalizali, musasinthe BIOS purosesa yatsopano isanafike m'manja mwanu.

Choopsa chenicheni kuno kwathu ndi magetsi. Kulemba BIOS kumatenga mphindi zochepa chabe, koma magetsi akazima pakati pa mphindi zimenezo, motherboard imatsala yopanda nzeru, yosatha ngakhale kudzuka. Tonse tikukumbukira 2019, madzi atatsika ku Kariba, pamene madera ena ankakhala maola 18 patsiku opanda magetsi. M'chaka chimenecho anandibweretsera kompyuta bambo wina wa ku Highfield amene ankasindikiza mapulogalamu a maliro ndi makhadi a ukwati. Anadzuka pakati pa usiku magetsi atabwera, nayamba kusintha BIOS, ndipo mzere uja uli pakati, mdima. Ndinaipulumutsa polemba kachipu ka BIOS ndi kachida kapadera, koma anakhala masiku angapo osagwira ntchito, ndipo nkhope yake tsiku limenelo sindinaiiwale. Kuyambira pamenepo sindisintha BIOS ya munthu popanda UPS, kabokosi ka batire kogwiriziza kompyuta magetsi akazima, kapena inverter yokhala ndi batire yodzaza. Inu mwanena nokha kuti magetsi akuzimirani kawiri ntchito ili mkati. Ngati mulibe UPS, nyamulani bokosilo mupite nalo kwa mnzanu amene ali ndi sola, kapena kwa wokonza makompyuta, mulipire kangachepe. Ndipotu mukatsala ndi ndalama, UPS ndingaiike patsogolo pa zinthu zambiri, chifukwa magetsi akamabwerera amabwera ndi mphamvu imene imapha power supply ndi hard drive.

Tsiku losintha lisanafike, koperani ntchito za makasitomala pa drive ina. Onaninso ngati BitLocker, imene imakhoma drive ndi makiyi achinsinsi, ili yoyaka pa Windows yanu. Makiyi a fTPM amagwirizana ndi purosesa, ndiye ikasintha, kompyuta imatha kukufunsani nambala yaitali ya manambala 48 yotsegulira drive, ndipo mukakhala mulibe, palibe katswiri amene angakutsegulireni. Iimitseni kaye BitLocker kapena lembani nambalayo papepala. Chiphaso cha Windows chokha musadandaule nacho, chimatsatira motherboard.

Pochotsa purosesa yakale pali msampha umodzi wa AM4 umene wagwetsa ambiri. Timiyendo take tili pa purosesa penipenipo, tosaposa tsitsi kulimba, ndipo thermal paste ya zaka zambiri imauma n'kumata fani ndi purosesa ngati guluu. Mukakoka fani molunjika mmwamba, purosesa imazuka nayo limodzi soketi ili yokhoma, timiyendo n'kupindika. Yatsani kompyuta kwa mphindi khumi kuti itenthe, muizimitse, muzule chingwe kukhoma, kenako mumasule fani n'kuipotoza pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere mpaka ilekane yokha. Polowetsa yatsopano, kamakona atatu kagolide ka pangodya kayang'anizane ndi chizindikiro cha pa soketi. Imalowa yokha ndi kulemera kwake. Ikakana, musakankhe, itulutseni muyang'anenso. Paste ikhale kadontho kofanana ndi njere ya nandolo pakati. Poyatsa koyamba imatha kuchedwa kapena kuzima n'kuyakanso kangapo, musachite mantha. Mukalowa mu BIOS, yatsaninso XMP yopatsa RAM liwiro lake lonse, imene ena amailemba DOCP, chifukwa BIOS yatsopano imabweza RAM pa liwiro lapansi.

Za kogula. M'tauni muno, kuyambira ku Gulf Complex mpaka mashopu a m'misewu ya pakati, zida zimapezeka, zina zatsopano, zina za kaunjika, zimene anzathu kuno amati mabhero, ndipo ma runner amabweretsa kuchokera ku Johannesburg kudzera ku Beitbridge mukawatuma. Funsani mitengo malo atatu kapena anayi, pamadola, musanasankhe. Purosesa ya kaunjika sindiiopa kwenikweni, chifukwa pa zida zonse za m'kompyuta ndi imene siifa wamba. Chimene ndimaopa ndi kugula osayesa. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Ndinaonapo purosesa imene pachivindikiro panalembedwa dzina la yodula, koma titaiyatsa CPU-Z inaonetsa yotchipa ya zaka zakale, wina atasintha chivindikiro. Mwini wake anaigula kwa munthu wa pa WhatsApp amene anakumana naye pamsewu, ndipo nambala ija sinayankhenso. Choncho gulani pamalo pamene pali chitseko chimene mungadzagogodenso. Yang'anani timiyendo pa kuwala, mzere ndi mzere. Pemphani kuti aiyatse mukuona, kapena bwerani ndi bokosi lanu aiikiretu momwemo. Lisiti lilembedwe dzina la purosesa ndi masiku amene mungaibweze. Kudzera mwa runner mtengo umatha kutsika, koma chikavuta, kubweza katundu kutsidya la Limpopo ndi ulendo wina.

Kwa owerenga ena amene ali ndi funso lomweli koma makina osiyana, yankho langa likhoza kutembenuka. Makompyuta ambiri a m'maofesi ndi m'nyumba kuno ndi a Dell OptiPlex ndi HP amene anagwirapo ntchito kunja. Ngati yanu ili ndi Intel ya mbadwo wachisanu ndi chiwiri kapena wakale kuposa pamenepo, purosesa yabwino koposa imene ingalowemo siikufikitsani pa Windows 11, ndiye inu ndi amene muyenera kusunga ndalama n'kudikira, mwina kungoika SSD kuti mupumeko. Malaputopu a masiku ano purosesa yake ndi yowotcherera pa motherboard, siichoka. Ndipo amene mukuganiza zogula Intel yamphamvu ya mbadwo wa 13 kapena 14 pa kaunjika, dziwani kuti mu 2024 Intel inavomereza kuti ena mwa mapurosesa amenewa ankawonongeka ndi mphamvu ya magetsi yopitirira, inatulutsa zokonza kudzera mu BIOS n'kuwonjezera zaka ziwiri pa chitsimikizo chake. Imene inawonongeka kale BIOS siichiza.

Kubwerera kwa inu achimwene, pali nthawi zimene ndikufuna musiye zonse mupite kwa wokonza makompyuta. Ngati dzina la motherboard silikupezeka pa tsamba la kampani, kapena simukumvetsa BIOS yoyenera, musayerekeze. Ngati mwatsegula bokosi n'kuona timigolo ta pa motherboard tatupa pamwamba, kapena mukumva fungo la kupsa kuchokera mu power supply, purosesa idikire kaye, chifukwa yatsopano siingachize zimenezo. Ngati kompyuta imangozima yokha magetsi alipo, chimenecho chifufuzidwe musanagule kanthu. Timiyendo tikapindika, musatiwongole ndi mpeni, timathyoka, ndipo alipo anthu a dzanja lofatsa amene amatiwongola pansi pa galasi lokulitsa. Ndipo ikakana kuonetsa chithunzi mutasintha, bwezeranimo 1600 ija muone ngati idzuke. Ikadzuka, vuto lili pa BIOS kapena pa purosesa imene mwagula, ndipo lisiti lija ligwire ntchito. N'chifukwa chake yakaleyo musaigulitse msanga, ikhale m'kabokosi mwezi wathunthu.

Sankhani sabata imene mulibe vidiyo ya munthu yoti mupereke. Musachite izi kutatsala masiku ochepa kuti tchuthi cha Heroes cha mu Ogasiti chifike, pamene mabanja ambiri amachita miyambo ya ziliza, kapena m'kati mwa maukwati a Disembala. Musanasinthe, tulutsani vidiyo imodzi ya mphindi khumi mulembe nthawi imene yatenga, ndipo mukasintha mutulutsenso yomweyo. Munditumizire manambala awiriwo, pamodzi ndi zimene Task Manager yaonetsa pa hard drive ija, kuti tione ngati madola otsalawo apite ku SSD kapena ku UPS.